Adaphwanya ndi mnyamata, nanga adamugulitsa mowa ndani?

 

Lero nkhani yathu ndi ya mowa, ana athu, ndi lamulo kuno ku Rumphi. Ndikuyankhula makamaka ndi inu anyamata ndi atsikana amene mwangotha msinkhu kumene, koma makolo musapite kutali, ndipo inu ogulitsa mowa kwezani wailesi, chifukwa gawo lalikulu la nkhaniyi ndi lanu.

Tonse tikuidziwa nyengo ija msika wa fodya ukatsegulidwa ku Mzuzu. Ndalama zimafika m'chigwa cha Nkhamanga ndi cha Henga, malo ochitira malonda amadzuka, zoimbira zimalira mpaka mbandakucha. Mnyamata amene wakhala miyezi akusoka fodya, kusankha ndi kudinda mabelo amalandira kangachepe. Wakabaza naye amapeza bwino. Palibe choipa kuti munthu adyerere thukuta lake. Koma kukacha timaonanso zina: galasi la minibasi lili mbwee pansi, chitseko cha okala chathyoledwa, benchi la mayi wogulitsa tomato lasanduka nkhuni, mpanda wa mwini wagwetsedwa. Ndipo makolo akafika kupolisi, mawu awo amakhala amodzimodzi: "Bwana, mwanayu ndi wofatsa. Sanali iye, unali mowa."

Ndimawamvetsa makolo amenewa, ndipo kawirikawiri amanena zoona kuti mwana wawo ndi wofatsa. Koma khoti silizenga mlandu botolo. Gawo 13 la malamulo athu a milandu, a Penal Code, limanena mosapsatira kuti kuledzera si chodzitetezera pa mlandu. Mpata ulipo koma ndi wopapatiza kwambiri, monga pamene wina adakumwetsa iwe osavomera, kapena pamene mowa udafika pokuchititsa misala mpaka osadziwa chimene ukuchita. Zimenezo amalimbana nazo ndi maloya, ndipo musaikepo mtima. Amene adatulutsa yekha ndalama m'thumba, nagula, namwa, kenako n'kutola mwala, amayankha mlandu wa mwalawo.

Mlanduwo dzina lake ndi kuwononga katundu mwadala, ndipo uli pa gawo 344. Chilango chake chimatha kufika zaka 5 m'ndende. Sikuti aliyense woswa galasi amakakhala zaka zonsezo, ayi. Majisitireti amaona kukula kwa chowonongekacho, amaona ngati munthuyo n'koyamba kulakwa, amaonanso ngati wavomera ndi kupepesa. Koma zaka 5 zimenezo zilipo m'buku, ndipo wachinyamata aliyense azidziwe.

Pali china chimene ndikufuna muchimve bwino kuno kwathu kolima fodya. Mlandu ukalowa moto umasinthiratu. Kuyatsa nyumba, chigafa, kapena mulu wa zokolola ndi mlandu wa gawo 337, ndipo chilango chake chachikulu ndi kukhala m'ndende moyo wonse. Chigafa cha udzu chimaoneka chinthu wamba, ndipo mnyamata wokwiya amene adamanidwa malipiro ake, atamwa n'kulimba mtima, atha kuganiza kuti akungomuphunzitsa bwana wake. Pamaso pa lamulo wapalamula umodzi mwa milandu yoopsa kwambiri m'dziko muno. Ngakhale dandaulo lake la malipiro likhale loona chotani, machesi aja amalikwirira, ndipo amene adamudyera masuku pamutu amasanduka wodandaula.

Tsopano tiyerekeze anyamata awiri a mudzi umodzi, abwenzi a ponda apa nane mpondepo. Wina ali ndi zaka 17, mnzake 19. Amwera limodzi, aponyera limodzi miyala, agwidwira limodzi. Kuyambira pakhomo la polisi njira zawo zimasiyana.

Wa zaka 17 ndi mwana. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la 2010 poyamba linkati mwana ndi wosakwana zaka 16, koma mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo adasintha malamulo aakulu a dziko, ndipo tsopano mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Choncho apolisi ayenera kudziwitsa makolo ake, ndipo sayenera kumutsekera pamodzi ndi akuluakulu. A ofesi yoona za chisamaliro cha anthu amafufuza za moyo wake, kwawo ndi kusukulu. Nkhani yake imapita ku bwalo loweruza milandu ya ana, kumene anthu wamba saloledwa kudzaonerera, ndipo dzina lake silifalitsidwa. Ngati mlanduwo si waukulu ndipo iye wavomera kuti adachitadi, nkhani imatha kupatutsidwa osafika pozengedwa: apepese, abweze kapena akonze chimene adawononga, agwire ntchito yothandiza m'dera, alandire uphungu. Lamuloli limaletsa kuika mwana m'ndende. Bwalo limathanso kulamula kuti kholo ndilo lilipire zowonongekazo, ndiye inu abambo amene mumati "za mwanayo sizindikhudza," dziwani kuti ng'ombe yanu itha kugulitsidwa chifukwa cha nkhani imeneyi.

Koma asakunamizeni kuti kukhala mwana ndiye kuti palibe chimene chingakuchitikireni. Ku Malawi munthu amayamba kuyankha mlandu ali ndi zaka 10, ngakhale kuti wosakwana zaka 14 amayenera kutsimikiziridwa kaye kuti ankadziwa kuti akulakwa. Mlandu ukakhala waukulu, kapena mwana akakhala wobwerezabwereza, bwalo limatha kumutumiza ku malo osinthira khalidwe. Malo a boma odziwika ndi awiri: Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre. Onsewo ali m'chigawo cha kummwera. Taganizirani mwana wa ku Hewe, kufupi ndi malire a Zambia, amene chibadwire sadapitirirepo pa Ekwendeni, akutumizidwa ku Zomba. Amayi ake adzamuona kangati? Ulendo wokha ndi wa tsiku lathunthu, ndalama ya basi kupita ndi kubwera ndi yoti banja lidyere mwezi. Akafika kumeneko Chitumbuka chake akachiyankhula ndi ochepa. Ine ndimaona kuti mtunda umenewu ndi chilango chachiwiri chimene mwana wa kumpoto amalandira, chimene sichidalembedwe m'lamulo lililonse, ndipo aphungu athu a ku Rumphi ayenera kumaifunsa nkhaniyi ku Lilongwe mosatopa.

Nanga mnzake wa zaka 19 uja? Iye chitetezo chonsecho chidatha tsiku limene adakwanitsa zaka 18, ngakhale akadali Folomu 4, ngakhale akadagona m'gowelo la kwa amayi ake. Amalowa m'chitokosi pamodzi ndi akuba ng'ombe ndi othyola nyumba. Malamulo aakulu a dziko amati aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Amaimirira pamaso pa majisitireti anthu akuonerera. Ndipo akagamulidwa, mumadziwa mmene nkhani za apolisi zimathera pa wailesi: dzina, zaka, mudzi, mfumu yaikulu, boma. Pofika madzulo zili pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo achibale a ku Johannesburg amva kale. Akapanda mwayi, akalowa ndende ya pa Rumphi kapena ya ku Mzuzu. Za mmene ndende zathu zilili sindikufuna kuopseza munthu, ndingokumbutsa kuti mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti lidagamula kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende za dziko lino ndi nkhanza zosayenera munthu. Kumeneko n'kumene mnyamata woswa galasi akukagona.

Akatuluka, nkhani siyitha. Zala zake zidadindidwa, mbiri yake ili kupolisi. Tsiku lina adzamva kuti asilikali kapena apolisi akulemba ntchito, ndipo pa zofunika padzakhala poti wofunsira akhale wopanda mbiri ya mlandu. Tsiku lina adzapeza mwayi wa ntchito kapena sukulu kunja, adzamufunsa kalata ya kupolisi yosonyeza kuti sadapezekepo wolakwa. Pamenepo m'pamene usiku umodzi uja udzamupeze ali ndi zaka 27, ali ndi mkazi ndi mwana.

Izi zimandipweteka kwambiri chifukwa cha boma limene tikukambali. Kuyambira pamene Robert Laws adakhazikitsa sukulu pa Khondowe mu 1894, Rumphi wakhala akutumiza aphunzitsi, makalaliki, abusa ndi madokotala m'dziko lonse lino ndi kunja komwe. Makolo a kuno amagulitsa mbuzi yomaliza kuti mwana alipire fizi. Mwana wotero akaphonya mayeso a MSCE chifukwa ali pa limandi, si iye yekha amene wagwa. Agwa ndi alongo ake amene adasiyira panjira kuti iye apitirire.

Ndinene pang'ono za m'sukulu za sekondale, poti m'dziko muno taona kangapo ophunzira akuswa mawindo, kutentha ofesi kapena laibulale chifukwa cha chakudya choipa kapena chilango chimene sadagwirizane nacho. Si nthawi zonse pamene pamakhala mowa, koma anyamata akazemba kukamwa masana, usiku wake mkwiyo suchedwa kugwira mwala. Chotsatira timachidziwa: sukulu imatsekedwa, kholo lililonse limauzidwa kuti lisonkhe ndalama yokonzera, ngakhale la mtsikana amene adabisala kunsi kwa bedi usiku wonsewo, ndipo atsogoleri a chipolowecho amachotsedwa sukulu n'kukaonekera kukhoti. Dandaulo la ndiwo linali loona, koma palibenso amene amalikumbukira.

Ngati zakugwerani kale, makolo anzanga, mverani izi. Musadikire tsiku la khoti. Kukangocha, tengani mwini mbumba kapena munthu wamkulu wolemekezeka, mupite kwa amene waonongeredwa katundu. Musapite kukatsutsa, mupite kukapepesa ndi kufunsa mtengo wa chowonongekacho. Kumbukirani kuti mayi uja wa okala mpamba wake wonse unali mmenemo, mwina wa ngongole ya ku banki m'khonde, ndipo kumangidwa kwa mwana wanu sikumubwezera kanthu. Chimene akufuna iye ndi chitseko chatsopano ndi katundu wake. Malamulo athu amalola khoti kulimbikitsa kuyanjana pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu, ndipo ngakhale mlandu upitirire, kubweza ndi kuvomera kumapeputsa chilango. Pa chilango chachifupi khoti limatha kulamula kuti wolakwa akagwire ntchito yosalipidwa pa chipatala, pa sukulu kapena pa msika, akugona kwawo, m'malo mokalowa ndende. Koma mlandu wa moto si wothera pa bwalo la amfumu, ngakhale mwini chigafa akhululuke.

Tengani umboni wa zaka za mwanayo: chiphaso cha kubadwa, chiphaso cha unzika, buku la kusikelo, kalata ya ubatizo, kapena kaundula wa kusukulu. Mnyamata wa thupi lalikulu wa zaka 17 akangolembedwa kuti ali ndi 18 pa tsiku loyamba, kukonza cholakwikacho kumavuta, ndipo mwamva kale kusiyana kwa njira ziwiri zija. Dziwaninso kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndipo ngati mulibe ndalama ya loya, boma lili ndi bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe lili ndi ofesi ku Mzuzu, lothandiza anthu otere.

Tsopano ndifike pamene mtima wanga uli. Zonse ndanenazi ndi za mnyamata. Iye timamugwira, timamumanga, timamutchula dzina pa wailesi, ndipo n'zoyenera kuti ayankhe pa zimene wachita. Koma wa zaka 19 uja sadayambe kumwa ali ndi zaka 19. Adayamba ali Sitandade 8 kapena Folomu 1. Kwa zaka zinayi kapena zisanu panali munthu wamkulu, wa nzeru zake, wosaledzera, amene ankalandira ndalama yake n'kumupatsira botolo pa kauntala, akuona ndithu kuti nkhope iyi ndi ya mwana, mwinanso akuwadziwa bwino bambo ake. Munthu ameneyo adaphwanya lamulo tsiku lililonse limene adachita zimenezo. Lamulo la mowa la dziko lino, Liquor Act, limaletsa kugulitsa kapena kupereka mowa kwa wosakwana zaka 18. Mfundo za boma zokhudza mowa zimene zidakhazikitsidwa mu 2017 zimabwereza zomwezo. Ndiye ndikufunseni omvera: mwa nkhani zonse za kukhoti zimene mumamva pa wailesi, ndi kangati pamene mudamva kuti wogulitsa mowa walipitsidwa chindapusa kapena walandidwa laisensi chifukwa chogulitsa mowa kwa mwana? Lamulo lili ndi mbali ziwiri, koma ife tikumenya ndi mbali imodzi, ndipo mbaliyo ndi imene imagwera wamng'ono ndi wosauka.

Dziko lino lidayesapo kulimbana ndi vutoli. Mukukumbukira masacheti, timapaketi tija ta mowa waukali totsika mtengo, timene mwana ankatha kubisa m'sokosi n'kulowa nato m'kalasi. Aphunzitsi, mipingo ndi mafumu adafuula, ndipo mu 2015 boma lidaletsa. Makampani adathamangira kukhoti, koma pomaliza chiletsocho chidakhalabe. Chinali chinthu chabwino, ndipo chimatiphunzitsa kuti anthu akalankhula pamodzi boma limamva. Koma mowawo sudachoke, udangosintha chovala. Udabwerera m'timabotolo timene achinyamata amatitcha midoli, ndiponso m'zigubu zimene wogulitsa amapungulira pang'onopang'ono molingana ndi ndalama imene uli nayo. Wina mpaka udapatsidwa dzina loti "ambuye n'tengeni," ndipo mu 2024 ku Blantyre anthu adamwaliradi atamwa mowa wa mtundu umenewu. Mwana wa zaka 15 amene ali ndi ndalama ya mandasi awiri atha kugula mowa womukwanira kuiwala dzina lake. Thupi lake ndi laling'ono, m'mimba mulibe kanthu, ndipo ubongo wake, makamaka mbali imene imamuuza munthu kuti "ima kaye, ganiza," sunakhwime. Madokotala amati mbali imeneyi imamaliza kukula munthu atapitirira zaka 20. Mowa waukali umayamba kugonetsa mbali yomweyo.

Ogulitsa ena amati, "Ndingadziwe bwanji zaka zake?" Funso limeneli linali ndi mphamvu kale. Kuyambira 2017 tili ndi chiphaso cha unzika, ndipo munthu amachilandira akakwana zaka 16. Timachionetsa pogula feteleza wotsika mtengo, polembetsa nambala ya foni, potsegula akaunti ku banki. Chovuta n'chiyani kuchifunsa pa kauntala ya mowa? Amene alibe, kapena chikusonyeza kuti sanakwane 18, abwerere. Mutaya ndalama yochepa usiku umenewo, n'zoona. Koma galasi limene lidzasweke mawa litha kukhala la shopu yanu yomwe.

Sindikufuna kuponda amayi otcheza kachasu kapena ofulula masese kumudzi. Ena a iwo ndi amasiye, ndipo mowawo ndi umene ukulipirira ana sukulu. Umphawi umenewo ndi weniweni. Koma mayi, inu mumawadziwa ana a m'mudzi mwanu kuposa wapolisi aliyense. Mudaliko tsiku limene mwanayo adabadwa, mwina mudathandiza kumusambitsa. Simufunika chiphaso kuti mudziwe kuti uyu ndi wamng'ono. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero, ndipo pamene mawuwa amayesedwa ndi pamene mwanayo wabwera ndi ndalama m'manja.

Nafenso makolo tili ndi mlandu wathu. Ndani amatuma mwana wa zaka 10 kukagula botolo? Ndani amamulawitsa pa ukwati, pa chiliza, anthu n'kumaseka kuti wakula? Ku Rumphi kuno mipingo ndi yamphamvu, Sinodi ya Livingstonia yakhala ikuletsa mowa pakati pa akhristu ake kuyambira kale, ndipo ena amamwa mobisa poopa kudulidwa. Vuto la kubisa n'lakuti m'nyumba zambiri nkhani ya mowa siyikambidwa n'komwe. Mwana amauzidwa kuti ndi tchimo, basi, osauzidwa chimene mowa umachita m'thupi, kapena chimene gawo 344 limanena. Amakaphunzira kwa anzake kuseri kwa holo ya vidiyo. Abusa, ansembe ndi alangizi a achinyamata, itanani wapolisi wa m'dera lanu kapena munthu wodziwa malamulo adzayankhule ndi achinyamata pa tchalitchi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18, ndipo ambiri a iwo lamulo amalimva koyamba ali kale m'chitokosi.

Mphamvu yokonza izi ili pafupi, sikuti mpaka ichokere ku Lilongwe. Malaisensi a malo ogulitsira mowa amapereka ndi khonsolo, ndipo amene amapereka atha kulandanso. Khonsolo ya Rumphi itha kunena kuti malo aliwonse amene apezeka akugulitsa mowa kwa mwana ataye laisensi, n'kuchitadi zimenezo pamalo amodzi kapena awiri, kuti mbiri imveke kuyambira pa Chiweta mpaka ku Katowo. Makhansala afunse kuti n'chifukwa chiyani pali shabini moyang'anana ndi geti la sukulu, ndi chifukwa chiyani ena amatsegula m'mamawa ana akupita kukalasi. Themba la maThemba Chikulamayembe ndi mafumu onse a m'boma lino ali ndi mawu amene anthu amawamvera, pa mwambo wa Gonapamuhanya ndi pa mabwalo a m'midzi, ndipo malamulo a m'mudzi amene adathandiza kulimbana ndi maukwati a ana atha kugwiranso ntchito pa nkhani ya mowa. A chitetezo cha m'midzi amadziwa khomo lililonse logulitsa midoli, sasowa kufufuza.

Ndipo kwa inu apolisi athu, a pa Rumphi, a pa Bolero ndi m'malo ena onse, pempho langa ndi limodzi, losafuna galimoto kapena mafuta. Mwana wosakwana zaka 18 akabwera kwa inu ataledzera ataswa zinthu, mukamalemba sitetimenti yake, onjezerani mafunso awiri: mowawu unagula kuti, ndipo anakugulitsa ndani? Yankho lakelo mulilembe, mutsegule failo yachiwiri, ndipo wogulitsayo naye aitanidwe adzayankhe mlandu wake.